Msonkho, msonkhano ndi mlonda: kufukula mawu a ku khonsolo

Msonkho ndi msonkhano ndi ana a mimba imodzi. Onse adaphuka pa tsinde lakuti -sonkha. Moto ukayamba kuzilala pamafuwa, mayi amausonkhezera, kukankhira zikuni pakati kuti mitu yake ikumane. Pamudzi pakagwa zovuta anthu amasonkha: uyu kambale ka ufa, uyu mtolo wa nkhuni, uyo kangachepe ka m'thumba. Anthu omwewo akabwera pamodzi timati asonkhana, ndipo chimene apangacho ndiwo msonkhano. Tsono amene adayamba kutchula ndalama yopereka ku boma kuti msonkho sadachite kupeka mawu. Adatenga mawu a pamudzi, mawu amene ali ndi lonjezo mkati mwake: chosonkhasonkha n'cha onse, ndipo wosunga amayenera kudzanena pagulu mmene chayendera. Paja pamaliro, mwambo usanathe, wina amaimirira ndi kope m'manja n'kulengeza kuti chipepeso chakwana mwakuti, chagula zakuti, chatsala mwakuti. Wofunsa za chipepesocho palibe amamutcha wamwano.

Koma msonkho wa boma udafika kuno wopanda msonkhano. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, sipadapite nthawi adayambitsa msonkho wa nyumba, ndipo pofika 1894 unali mashiling'i atatu pa nyumba iliyonse. Tamverani mneni amene adaumatirira mpaka lero. Sitinena kuti tasonkha msonkho. Timati takhoma msonkho, mneni wa nyundo ndi msomali. Wolephera ankamutenthera nyumba, mwinanso kumugwirira mkazi kufikira ndalama itapezeka. Mafumu a Chiyao a dera la Machinga sadagonje msanga. Kawinga, pa zifukwa zake zambiri, malonda a akapolo ali momwemo, adalimbana ndi asilikali a atsamunda mpaka linga lake la paphiri la Chikala lidagwa mu 1895. Zitatero mashiling'i adayamba kuyenda, ndipo palibe amene adaitanidwa pabwalo kudzamva kumene akupita.

Ntchito ya khansala, tikachotsa maluwa onse, ndi yobwezera msonkho kwa m'bale wake uja, msonkhano.

Lero ndalama zolowa ku khonsolo ya Machinga kapena ya Balaka zimadzera njira zingapo. Pali ya tikiti ya msika, imene mayi wa tomato pa Ntaja, pa Nsanama, pa Ulongwe kapena pa Phalula amalipira tsiku lililonse akayala malonda. Pali ya ziphaso za magolosale, zigayo ndi nyumba zogona alendo pa Liwonde ndi m'tauni ya Balaka. Zimenezi n'zochepa. Zochuluka zimachokera ku likulu kudzera ku National Local Government Finance Committee: zoyendetsera zipatala, sukulu ndi ulimi, za thumba la chitukuko cha m'boma la DDF, ndi za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu la CDF. Padabweranso pulojekiti ya GESD ya madola 100 miliyoni ochokera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, yogawira khonsolo potengera mmene yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka. Eni ake a ndalamazi si ochepa: kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 ku Machinga ndi oposa 400,000 ku Balaka. Mawu akuti ndalama nawonso ndi mlendo wakalekale. Akatswiri ambiri a zilankhulo amawalumikiza ku dirham ya Aluya, yomwe idayenda ndi amalonda a kugombe, ndipo kwa Ashona ndarama ndi golide. Tikamanenanso kuti thumba la chitukuko sitili kutali ndi Angerezi, poti bajeti yawoyo idachokera ku mawu a Chifalansa chakale onena kathumba kachikopa.

Nanga khansala mwini wake? Iyeyu dzina lake lilibe muzu m'nthaka yathu. Khansala ndi khonsolo tidabwereka ku Chingerezi, ndipo Angereziwo adatola ku Chilatini, kumene concilium ankanena anthu oitanidwa kuti akhale pamodzi. Ndiye kuti khonsolo ndi msonkhano basi. Koma tamverani mmene timalankhulira. Munthu akati "ndikupita ku khonsolo" amatanthauza maofesi, kwa akalaliki, kumene kuli zidindo ndi galimoto zolembedwa pachitseko. Mawu adasamuka, adachoka pa anthu osankhidwa n'kukatera pa nyumba ndi pa antchito. Pamalamulo si choncho. Khonsolo ndi makhansala amene tidawavotera, pamodzi ndi ena amene lamulo lidawapatsa mipando: mafumu akuluakulu monga Kawinga, Liwonde, Nyambi, Kalembo ndi Nsamala, aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndi anthu asanu oimira magulu apadera. Mafumu ndi asanuwo amalankhula koma saponya voti. A m'maofesi aja ndi antchito a msonkhano umenewu, osati eni ake.

Vuto la dzina lobwereka n'lakuti silidzifotokoza lokha. Mwana akamva kuti mlimi amadziwiratu kuti munthuyo amalima. Msodzi, mlembi, mphunzitsi, mzamba, onsewa dzina limakuuza chochita chawo kapena limakukumbutsa ntchito imene udaiona ndi maso. Akamva kuti khansala samva kanthu. Ndiye anthu adadzazamo zawo. Kwa ena khansala ndi wogula bokosi pamaliro. Kwa ena ndi wonyamula wodwala usiku pa njinga yamoto. Kwa ena ndi kamnyamata ka phungu konyamula chikwama, kapena wolemba mayina a olandira chimanga njala ikavuta. Kuwerenga mabuku a zachuma sikutchulidwa n'komwe pa kampeni, ndipo woima pachulu n'kulonjeza kuti "mukandisankha ndizikafunsa malisiti" angaomberedwe m'manja ndi anthu owerengeka.

Dzina limene likadamukhala bwino lidapita kale kwa wina. Phungu ndi mawu a kuchinamwali. Namkungwi ndiye mkulu wa mwambo, koma phungu ndi uja amakhala pafupi ndi namwali, kumugwira dzanja, kumulangiza, kumuyankhira pamene iye sangathe. Kundagala kwa Ayao ntchito yofanana nayo amagwira alombwe. M'menemo ndimo mudachokera uphungu. Munthu wokhala pafupi choncho ndi khansala, amene wodi yake amatha kuizungulira pa njinga. Koma dzinalo lidaperekedwa kwa wopita ku Zomba, kenako ku Lilongwe, ndipo mbiri idamuthandiza kulanda ndi ntchito yomwe. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidabwera mu 1998, pa ulamuliro wa Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga komweko, chaka chimenenso Balaka idapatuka ku Machinga n'kukhala boma palokha. Makhansala oyamba a nthawi ya zipani zambiri adasankhidwa mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chidangokhala cha mawa mawa mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka 9 ndalama zinkalowa m'makhonsolo popanda munthu wosankhidwa woziyang'anira. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2006, mudabadwa CDF, ndipo idakulira m'manja mwa aphungu. Mu 2010 lamulo lidasinthidwa, aphungu adapatsidwa voti m'khonsolo, mawodi adachepetsedwa, moti pa chisankho cha 2014 adalipo 462 dziko lonse. Makhansala pobwerera adapeza pampando pawo pali wina atakhala kale, thumba lili pamiyendo. Thumbalo lidakula mpaka K200 miliyoni pa dera lililonse mu bajeti ya 2024/25. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo ndi kuyendetsa kwawo CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: wopanga malamulo ndi kulondoloza boma sangakhalenso wogula simenti.

Pali mawu ena awiri amene amalemera pamapewa a khansala akamalowa pageti. Oyamba ndi boma. Mudzamva ena akunena motsimikiza kuti zilembo zinayizo ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena ulamuliro wa Britain m'maiko akunja. Ndi nthano yokoma, koma ndi nthano. Mawuwa adalipo kale m'Chiswahili, kunena linga kapena khola lotchingidwa ndi mitengo ndi minga. Atsamunda ankamanga malinga otero, monga la pa Liwonde m'mbali mwa Shire, ndipo dzina la mpanda lidasanduka dzina la okhala m'kati mwake. Chosekesa n'chakuti dzina la Machinga, boma lomwe kale linkatchedwa Kasupe, lidachokera kwa Ayao a Amachinga, ndipo lichinga m'Chiyao ndi khola kapena mpanda, m'bale wake wa kutchinga kwathu kuja. Wonena kuti akupita pa boma pa Machinga watchula mpanda kawiri. Mawu achiwiri ndi bwanamkubwa, Chiswahili chosasenda n'komwe: bwana mkubwa, bwana wamkulu. Kale linali dzina la gavanala wa dziko lonse, lero ndi la DC, mkulu wa maofesi a khonsolo. Tsono khansala wochokera ku Chikweo kapena ku Utale, fumbi lili m'nsidze, akuyenera kupanikiza ndi mafunso munthu amene dzina lake lenilenilo likuti wamkulu ndi iyeyo, munthu amene sadamulembe ntchito ndipo sangamuchotse, poti mu 2010 lamulo lidapereka mphamvu yomusankha kwa nduna ku Lilongwe. Amene amaseka makhansala kuti ndi amantha ayambe waganiza zimenezi.

Chida chenicheni cha khansala chili m'banja la mawu a -londa, ndipo banja limeneli ndi lolemera. Mlenje akalasa nyama n'kuthawa, amailonda: kutsata mapazi, udzu wogona ndi timadontho ta magazi. Mlonda amalondera, kukhala maso ena ali m'tulo. Mlendo akafika pakhomo posadziwika timamufunsa kuti, "Mwalondola bwanji?" Wosochera timamulondolera njira. Nkhani yosiyidwa panjira timailondoloza. Ndiye pali mawu amene timawanena tsiku ndi tsiku osawaganizira: munthu akanena zoona timati walondola, yankho lake n'lolondola. M'Chichewa choonadi ndi chinthu chimene munthu wachitsata mapazi mpaka wachipeza pamene chagona. Khutu langa limamvanso -londa yemweyo m'mawu akuti ndondomeko, pakuti l amakonda kusanduka nd akakumana ndi n kutsogolo, monga kulima kudabala ndime. Ngati n'choncho, ndondomeko ya zachuma, dzina lathu la bajeti, ndi mzere wa mapazi amene ndalama yalonjeza kuti idzaponda. Ndipo kalondolondo, mawu amene adatchuka ndi pulogalamu ya mabungwe a Plan, ActionAid ndi CONGOMA yoti anthu azipereka malikisi ku ntchito za boma m'madera mwawo, ndiko kubwerera m'mapazi amenewo kuona ngati ndalamayo idapondadi pomwe idanena.

Tiyeni tilonde tikiti imodzi. M'mawa pamsika, wotolera msonkho amayenda ndi kabuku ka matikiti ndi kachikwama m'khosi. "Amayi, ya msika." Mayi uja, ndalama ili pamfundo ya chitenje, amati, "Achimwene, dikirani ndigulitseko kaye." Akabweranso, pali njira ziwiri. Mwina mayiyo alipira yonse, tikiti ing'ambidwa, chotsalira chikhala m'kabuku. Mwina agwirizana kuti apereke theka popanda tikiti, aliyense n'kuona ngati wapindula. Zoterezi zimadandaulidwa m'misika yambiri m'dziko muno. Khansala wa komiti ya zachuma amene amangolandira pepala lonena kuti msika wakuti wabweretsa mwakuti mwezi uno sanalonde kanthu. Wolonda amafunsa kuti timabuku tidatuluka tingati kunkhokwe, manambala ake kuyambira pati kulekeza pati, zotsalira zabwerako zingati, ndipo chikalata cha kubanki chikuti zidasungitsidwa zingati, tsiku liti. Kenako tsiku la msika amapita yekha kukaona ndi maso kuchuluka kwa oyala malonda. Msika wodzaza mpaka mumsewu ukamabweretsa ndalama za anthu ochepa, mapazi asowera pakati pa kachikwama ndi banki. Mavenda akamanyanyala msonkho ponena kuti zimbudzi zidadzaza ndipo zinyalala sizichotsedwa, amakhala akufunsa funso lomwelo m'njira yawo.

Ntchito za zomangamanga nazo zili ndi mapazi ake. Pepala likhoza kunena kuti buloko ya makalasi awiri yatha ndipo kontilakitala walipidwa. Pepala silituluka thukuta. Khansala wa komiti ya zomangamanga akafika pamalopo amakanda khoma ndi kiyi ya njinga yake. Pulasitala ikamayoyoka ngati ufa, simenti idapita kwina. Amasuzumira kudenga kuona kukhuthala kwa malata ndi mitengo ngati idapakidwa mankhwala a chiswe. Amafunsa a komiti ya pulojekiti kuti matumba adafika angati, adasainira ndani, ndipo satifiketi yoti ntchito yatha adailemba ndani, atabwera kapena ali muofesi. Malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akutchula kawirikawiri ndalama zotuluka m'makhonsolo popanda zikalata ndi ntchito zolipiridwa koma zosaoneka. Pakuba kotere anthu adapeza mneni wake woyenera, kusolola, kuja timasolola udzu padenga kapena chikuni pamoto: kamodzikamodzi, mosagwedeza zinzake, kuti mwini asadzidzimuke.

Kauniuni ndi kafukufuku adapangidwa mofanana ndi kalondolondo, ka- kutsogolo ndi tsinde lobwerezedwa, kusonyeza chinthu chochitika mobwerezabwereza. Kuunika ndi ntchito ya muuni, udzu woyatsa umene agogo ankalowa nawo m'nkhokwe kapena m'khola usiku. Lero ndi dokotala yemwe amatiunika m'chifuwa. Kufukula ndi kukumba chokwiriridwa. Palibe ngakhale amodzi mwa mawu amenewa amene munthu angawachite atakhala pampando wawofuwofu, botolo la madzi lili patsogolo.

Komabe mpandowo uli ndi ntchito yake, ndipo mneni wake ndi kuwerenga. Chichewa chidaphatikiza zinthu ziwiri m'mawu amodzi: timawerenga kalata, timawerenganso mbuzi. Khansala amafunika zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mabuku a bajeti ndi malipoti a zachuma amabwera m'Chingerezi cha akauntanti, chodzaza ndi zidule, pamene anthu amene khansalayo akawafotokozere amalankhula Chiyao, Chichewa ndi Chilomwe. Ena amati mankhwala ake n'kulamula kuti khansala aliyense akhale ndi satifiketi ya Fomu 4. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kutchingira kunja anthu anzeru ambiri, n'kusiya chinenero chobisa zinthu chili chikhalire. Mawu a Chingerezi akuti audit adachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kumva, chifukwa kale ku England mabuku a chuma ankawerengedwa mokweza, woyang'anira n'kumamvetsera. Palibe chimene chingaletse kuti lipoti la miyezi itatu iliyonse liziwerengedwa mokweza m'zinenero zathu pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera, ADC, kwa Amidu kapena kwa Mlomba. Mkulu wa zachuma amene sangathe kunena m'Chichewa kumene ndalama yapita ndiye kuti mwina iyenso sakudziwa, mwina sakufuna kuti tidziwe.

Mawu omaliza pa msonkhano wa khonsolo yonse amakhala akuti "tavomereza". Lamulo lidakonza kuti nkhani ziziyamba zaphikidwa m'makomiti, ya zachuma, ya chitukuko, ya maphunziro, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ndi yoona za antchito, kenako n'kubwera kwa onse. Koma kuvomereza kudachokera ku kuvomera, ndipo kuvomera ndi ntchito ya gulu pagule: wina amatsogolera nyimbo, ena n'kumavomera. Chikalata cha masamba ochuluka chikaperekedwa m'mawa wa tsiku lomwelo la msonkhano, chimene chimachitika ndi chimenecho. A kuofesi atsogolera, makhansala avomera, nthawi ya nkhomaliro yakwana. Ndipo pakhomo pamadikira envulopu ya alawansi. Mawu amenewa muzu wake ndi mneni wa Chingerezi wotanthauza kulola. Sindikunena kuti khansala asalandire kanthu. Mafuta ochokera ku Nayuchi kapena ku Ngokwe kukafika pa boma sagulidwa ndi chikondi cha dziko. Koma wokonza envulopuyo ndi yemweyo amene mabuku ake akuunikidwa, ndipo iyeyo akanena kuti mwezi uno ndalama zochititsira msonkhano palibe, komiti ya zachuma sikumana. Ndalama za misonkhano ya makomiti zimayenera kutetezedwa mu bajeti momwemo, ndipo zikalata zizifika kwa makhansala masiku angapo msonkhano usanachitike. Khansala amene walandira chikalata pakhomo ali ndi ufulu wonse wopempha kuti nkhaniyo iyambe yaima.

Khonsolo yonse imayenera kukumana kosachepera kanayi pachaka, ndipo lamulo limalola anthu wamba ndi atolankhani kulowa n'kumvetsera. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, kotero miyezi yoyambirira ya chaka cha pa kalendala ndiyo nthawi imene bajeti ya boma lanu imakhala pamoto. Inu a ku Mposa, a kwa Sitola, a ku Kankao ndi a kwa Chiyendausiku, mukakumana ndi khansala wanu mufunseni kuti ali m'komiti iti, idakumana liti komaliza, ndipo mjigo kapena mlatho umene mudapempha kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, uli patsamba liti. Akayankha kuti zimenezo amadziwa ndi a kuofesi, muuzeni mwaulemu kuti, "A khansala, kafunseni, mudzatiyankhe pa msonkhano wa ADC ukubwerawu."